Zolembedwa pathumba: kufufuza ma header tsamba la pa intaneti likavuta



Tsamba la pa intaneti likavuta, mlandu timaukankhira kwa netiweki. Nthawi zambiri sitilakwa, pakuti kuchilumba kuno netiweki ili ndi masiku ake. Koma alipo mavuto ena amene netiweki ilibe nawo gawo. Tsamba latseguka bwinobwino, koma likuonetsa uthenga wa sabata yatha. Dzina la dziko lathu latuluka ndi zilembo zachilendo pakati. Munthu walemba dzina ndi mawu ake achinsinsi molondola, tsamba n'kumubwezera pakhomo pomwe analowera, kachiwiri, kachitatu, mpaka bandulo kutha fomu ya mwana isanapite. Gwero la mavuto otere kawirikawiri limakhala m'mizere yochepa imene foni ndi seva zimatumizirana ife osaona. Mizereyi imatchedwa ma header.

Nkhaniyi ndalembera makamaka ophunzira amene ayamba kulemba mapulogalamu a pa seva, koma makolo ndi a komiti musaidumphe. Tsiku lina mudzapatsa munthu ganyu yokonza tsamba la sukulu kapena la mzikiti, ndipo mudzafuna kudziwa chomufunsa.

Aliyense amene anatumizapo katundu pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay amadziwa kuti thumba la chimanga siliyenda lopanda dzina. Pathumba amalembapo mwini wake, kumene likupita, mwinanso nambala ya foni. Onyamula katundu samasula thumba kuti aone za m'kati; amawerenga za kunja basi. Chimangacho chikhale chabwino bwanji, ngati pathumba analemba Chizumulu m'malo mwa Likoma, chikatsikira kolakwika. Pa intaneti zilinso chimodzimodzi. Tsamba lenilenilo, mawu ndi zithunzi zake, ndiye chimangacho. Ma header ndiye zolembedwa pathumba.

Oyankhulana ndi awiri. Browser ndi pulogalamu imene mumatsegulira masamba, monga Chrome, Firefox kapena Opera Mini. Seva ndi kompyuta imene imasunga tsamba ndi kuyankha aliyense wolifuna, ndipo ikhoza kukhala ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku Frankfurt. Browser imatumiza pempho, seva imabweza yankho, ndipo zonse ziwiri zimayamba ndi ma header. Pempho limaoneka chonchi:

GET /nthawi.html HTTP/1.1
Host: example.com
User-Agent: Mozilla/5.0 ...
Accept-Language: ny-MW, en;q=0.8
Accept-Encoding: gzip

Mzere woyamba ukunena chimene tikufuna: fayilo ya nthawi.html. Yotsatirayo ndiyo ma header, iliyonse dzina lake, timadontho tiwiri, kenako zimene ikunena. Host ikutchula tsamba limene tikufuna, chifukwa seva imodzi imatha kusunga masamba mazanamazana, ngati nyumba ya lendi ya zipinda zambiri. Ukangofika pachipata osatchula amene wam'dzera, sakuthandiza, ndipo seva imabweza nambala 400. Dzina la example.com si la munthu aliyense, linapatulidwa kuti lizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa. User-Agent ikunena mtundu wa browser. Accept-Language ikunena zinenero zimene mwini foni amakonda: ny ndi chizindikiro cha Chichewa, MW ndi cha Malawi, ndipo q=0.8 akutanthauza kuti Chingerezi chibwere pambuyo. Chiarabu chizindikiro chake ndi ar, Chiyao ndi yao. Accept-Encoding ikuuza seva kuti ikafuna ipanikize tsambalo lichepe, foni idzalimasula yokha. Kwa ife ogula bandulo ya tsiku, mzere umenewu ndi ndalama.

Yankho la seva limabwera motere:

HTTP/1.1 200 OK
Date: Fri, 01 Aug 2025 05:30:00 GMT
Content-Type: text/html; charset=UTF-8
Content-Length: 4210
Cache-Control: max-age=600

Ma header akatha pamabwera mzere umodzi wopanda kanthu, kenako tsamba lenileni. Mzere wopanda kanthuwo muusunge m'mutu, tiwufuna kutsogoloku. Nambala ya pamzere woyamba ndi chigamulo cha seva mwachidule. Zoyamba ndi 2 ndiye kuti zayenda. Zoyamba ndi 3 ndiye kuti pitani kwina kapena gwiritsani ntchito chimene muli nacho kale. Zoyamba ndi 4 zikuloza chala wopempha, monga 404 ya fayilo imene kulibe ndi 403 ya malo oletsedwa. Zoyamba ndi 5 ndi seva ikuvomera kuti vuto lili kwa iyo.

Dongosolo la kayankhulidwe kameneka limatchedwa HTTP. Analiyambitsa ndi Tim Berners-Lee, amene mu 1989 ankagwira ntchito ku CERN, pafupi ndi Geneva. Mtundu woyamba wa 1991 unalibe ma header n'komwe: unkapempha fayilo, n'kulandira fayilo, kwatha. Ma header analembedwa bwino mu HTTP/1.0 m'chaka cha 1996, ndipo HTTP/1.1 ya 1997 ndi imene inakakamiza Host. HTTP/2 ya 2015 ndi HTTP/3 ya 2022 zimanyamula ma header mopanikiza ndipo mayina ake zimawalemba ndi zilembo zazing'ono zokha, koma tanthauzo silinasinthe. Choncho mukaona content-type m'malo mwa Content-Type musadabwe, ndi chinthu chimodzi. Pali kanthu koseketsa m'mbiriyi: header yonena tsamba limene munthu wachokera imalembedwa Referer, chilembo r chimodzi chikusowa poyerekeza ndi kalembedwe koyenera ka Chingerezi. Cholakwikacho chinalowa m'chikalata cha 1996 ndipo chinakhazikika mpaka lero. Ophunzira, pamayeso a MANEB chifundo chotere kulibe.

Kuona ndi maso ako

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wolemba pulogalamu asamadalire zimene akuganiza kuti seva ikutumiza, kapena zimene mnzake wamuuza pafoni. Aone yekha.

Pa kompyuta, tsegulani Chrome kapena Firefox, dinani F12, sankhani pamene palembedwa Network, ndiye mutsegulenso tsambalo. Muona mndandanda wa mapempho onse, ndipo ambiri amadabwa kuti tsamba limodzi limatumiza mapempho makumi angapo, chithunzi chilichonse pempho lakelake. Dinani limodzi, muona Request Headers ndi Response Headers. Ngati vuto likuchitika pamene tsamba likukusamutsirani kwina, chongani kabokosi ka Preserve log ka mu Chrome kuti mndandanda usafufutike pakusamukapo.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi kapulogalamu kotchedwa curl, kamene Daniel Stenberg wa ku Sweden wakhala akukasamalira kuyambira mu 1998. Kamabwera kale mu Windows 10 ndi 11, ndipo pa foni ya Android mukhoza kukaika kudzera mu Termux. Lembani:

curl -v https://example.com

Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha > ndi imene mwatumiza, yoyamba ndi < ndi imene seva yabweza. Ubwino wa curl ndi wakuti sikometsera kanthu. Sisunga masamba akale, sitsatira kusamutsidwa pokhapokha mutaiuza ndi -L, ndipo sibisa chimene chabwera. Mukalemba -I m'malo mwa -v mulandira ma header okha popanda tsamba, zimene zimapulumutsa bandulo. Dziwani kokha kuti -I imatumiza pempho la mtundu wina lotchedwa HEAD, ndipo mapulogalamu ena amaliyankha mosiyana ndi GET. Zikakukayikitsani bwererani ku -v.

Kumbali ya seva, mu PHP ma header a pempho amapezeka mu $_SERVER, mayina ake atasinthidwa pang'ono: User-Agent imakhala HTTP_USER_AGENT, Accept-Language imakhala HTTP_ACCEPT_LANGUAGE. Lamulo la headers_list limaonetsa ma header amene pulogalamu yanu yakonza kuti atumizidwe. Koma amenewa si onse amene amafika kufoni. Panjira pali Apache kapena Nginx, mwinanso kampani ina yoima pakati monga Cloudflare, ndipo aliyense akhoza kuwonjezera, kuchotsa kapena kusintha mzere. Luso lonse lofufuza lagona pamenepa: yerekezani zimene pulogalamu yanu inakonza ndi zimene curl yalandira. Pamene ziwirizi zasiyana, wolakwa ali pakati.

Chilembo cha ŵ

Tiyambe ndi vuto limene ndi lathulathu. Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala otchedwa ma byte, ndipo pamafunika mgwirizano wonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Mgwirizano umene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero ndi UTF-8. Mu UTF-8 zilembo wamba monga a, b ndi w zimatenga byte imodzi, koma ŵ wa kadenga uja amatenga ma byte awiri, C5 ndi B5. Browser ikauzidwa kuti tsambalo lili mu mgwirizano wakale wa ISO-8859-1, imawerenga byte iliyonse payokha: C5 imakhala Å, B5 imakhala µ. Mawu akuti Malaŵi amatuluka MalaÅµi. Zolemba za Chiarabu zimaonongekeratu, chifukwa chilembo chilichonse chimatenga ma byte awiri, ndiye mzere wonse umasanduka zilembo zosawerengeka.

Wosadziwa amayamba kulembanso mawu onse, kapena kuchotsa kadenga kuti athawe vuto. Chonsecho mawuwo alibe chilema. Yang'anani Content-Type m'yankho. Ngati pa charset palembedwa china osati UTF-8, mwapeza. Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: mukhoza kulemba UTF-8 m'kati mwa tsamba lenilenilo, pa meta, koma header ikanena zina, browser imamvera header. Zolembedwa pathumba zimaposa kapepala kamene mwaponya m'kati mwa chimanga. PHP kuyambira mtundu wa 5.6 wa 2014 imatumiza yokha UTF-8, choncho mukaona charset yolakwika fufuzani ngati pulogalamu ina yakale ikuilemba, kapena ngati mu Apache muli mzere wa AddDefaultCharset umene wina anausiya. Header ikakhala yolondola koma zilembo n'kukhalabe zosokonezeka, ndiye kuti zinaonongeka kale posungidwa, ndipo mukafufuze ku database.

Content-Type yomweyo ndi imene imauza foni kuti chabwerachi ndi tsamba, chithunzi kapena PDF. Kalata ya fizi ikatumizidwa ngati text/html m'malo mwa application/pdf, kholo limaona zilembo zopanda mutu zoyamba ndi %PDF n'kuganiza kuti foni yagwidwa ndi vairasi.

Uthenga wa sabata yatha

Tiyerekeze kuti sukulu ili ndi tsamba lolengeza tsiku lotsegulira teremu, kapena komiti ili ndi tsamba la nthawi za swala ndi chilengezo cha Eid. Tsiku lasintha, wokonza tsamba walemba latsopano, waona pa kompyuta yake kuti zili bwino. Koma mayi wina ku Mbamba akutsegula n'kuona tsiku lakale, n'kukonza ulendo wa mwana motsatira tsiku lakalelo. Apa munthu akhoza kuphonya sitima, ndipo tonse tikudziwa kuti kuphonya sitima kuno si nkhani ya kudikira ola limodzi.

Chachitika n'chakuti browser imasunga masamba amene yatsegulapo kuti isamawapemphe kawiri, ndipo Cache-Control ndi imene imaiuza kuti isunge kwa nthawi yaitali bwanji. Nambala ya max-age ndi masekondi. 600 ndi mphindi 10. 86400 ndi tsiku limodzi. 2592000 ndi masiku 30. Tsamba la chilengezo likapita ndi 2592000, foni imene inalitsegula ili ndi chilolezo chosafunsanso seva kwa mwezi wathunthu, pokhapokha mwini wake atailamula kuti itsegulenso. Chowawa n'chakuti header imene inapita kale simungaiitanitse. Mukonza pa seva lero, koma mafoni amene analandira lamulo lakale alisungabe.

Mwina munganene kuti ndiye tisamalembe Cache-Control n'komwe. Kutero sikuthandiza, chifukwa browser ikapanda kuuzidwa imangoganizira yokha. Zambiri zimayang'ana Last-Modified, tsiku limene fayilo inasinthidwa komaliza, n'kutenga gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi imene yapitapo. Fayilo imene yakhala masiku 100 osasinthidwa ikhoza kusungidwa masiku 10. Tsamba la chilengezo limene limakhala chete miyezi itatu kenako n'kusintha mwadzidzidzi ndi limene limagwa m'mbuna imeneyi.

Mankhwala ake ndi kusiyanitsa zinthu zosintha ndi zosasintha. Tsamba la chilengezo lipite ndi no-cache. Dzinali limanamiza: silitanthauza kuti usasunge, limatanthauza kuti sunga koma uzifunsa kaye usanaonetse. Kufunsako n'kotsika mtengo. Seva imapereka kachizindikiro ka fayilo mu header ya ETag, browser imakabweza mu If-None-Match, ndipo ngati palibe chasintha seva imangoyankha 304 Not Modified popanda kutumizanso tsamba. Mawu oletsa kusunga ndi no-store, ndipo amenewo ndi oyenera masamba a zotsatira za mayeso ndi a ndalama, makamaka poti foni imodzi kuno imagwiridwa ndi banja lonse. Koma chithunzi cha baji ya sukulu chipatseni max-age yaitali, ngakhale chaka. Chithunzi cha 2 MB chikamatsitsidwa tsiku lililonse kwa masiku 30 chimadya 60 MB pa foni imodzi popanda chifukwa. Mukafuna kuchisintha, chipatseni dzina lina, foni idzachitenga ngati chatsopano.

Pofufuza vuto limeneli chenjerani ndi kabokosi ka Disable cache ka pa Network. Wokonza tsamba akakachonga amaona zatsopano nthawi zonse, n'kumalumbira kuti tsamba lili bwino pamene makolo akuona zakale. Yang'ananinso header ya Age. Ikapezeka m'yankho ndiye kuti tsambalo silinachokere kuseva yanu mwachindunji koma kwa woima pakati amene analisunga, ndipo nambalayo ikunena masekondi amene lakhala likusungidwa.

Mzere wopanda kanthu uja

Aliyense wophunzira PHP amakumana ndi uthenga wakuti Cannot modify header information - headers already sent. Tanthauzo lake lili m'dongosolo tinaona lija: ma header poyamba, mzere wopanda kanthu, kenako tsamba. Pulogalamu ikangotulutsa chilembo chimodzi cha tsamba, PHP imayenera kutumiza ma header onse amene ilinawo n'kutseka ndi mzere wopanda kanthu. Thumba lakwera sitima. Mukafuna kulembaponso kanthu pambuyo pake, mwachedwa.

Chilembo chimodzicho sichichita kuoneka. Ukhoza kukhala mpata umodzi kumayambiriro kwa fayilo <?php isanayambe. Ukhoza kukhala mzere wotsala pambuyo pa ?> m'fayilo ina imene mwaiitana, n'chifukwa chake odziwa salemba n'komwe ?> kumapeto kwa fayilo ya PHP yokhayokha. Akhozanso kukhala ma byte atatu osaoneka, EF BB BF, otchedwa BOM, amene mapulogalamu ena olembera amaika kumayambiriro kwa fayilo. Uthenga wa PHP uja muuwerenge mpaka kumapeto, chifukwa pamene palembedwa output started at umatchula fayilo ndi mzere pamene chilembo choyambacho chinatulukira. Ambiri amathamangira mzere umene watchulidwa kumapeto, pamene header inakanika, chonsecho wolakwa ndi woyambayo.

Vutoli lili ndi msampha wina. Pa makompyuta ena PHP imakonzedwa kuti iziunjika kaye ma byte 4096 isanatumize kanthu, choncho cholakwikacho chimabisala pa laputopu ya wophunzira n'kudzaonekera tsamba litaikidwa pa seva yeniyeni. Kumenekonso mauthenga a zolakwika amakhala atazimitsidwa kuti alendo asawaone, ndiye palibe chimene chimaoneka pokhapokha mutatsegula fayilo ya error log.

Apa m'pamene pamachokera nkhani ya munthu wobwezedwa pakhomo ija. HTTP ilibe chikumbumtima cha amene yayankhula naye. Pempho lililonse limafika ngati mlendo. Kuti seva ikuzindikireni, mukalowa imakupatsani kachiphaso mu header ya Set-Cookie, ndipo browser imakaonetsa pa pempho lililonse lotsatira mu header ya Cookie. Njirayi anaiyambitsa ndi Lou Montulli wa kampani ya Netscape mu 1994. Ngati Set-Cookie inakanika kupita chifukwa ma header anali atatumizidwa kale, mawu anu achinsinsi alandiridwa koma chiphaso simunapatsidwe, ndiye tsamba lotsatira likuonani ngati mlendo n'kukubwezani. Kufufuza kwake n'kwa mafunso awiri. Kodi m'yankho la kulowa muli Set-Cookie? Ngati mulibe, vuto lili kuseva. Ngati ilimo, kodi m'pempho lotsatira muli Cookie? Ngati mulibe, browser yakana chiphasocho, kawirikawiri chifukwa chalembedwa Secure pamene tsamba likuyenda pa http wamba, kapena chifukwa chaperekedwa pa dzina lina la tsamba.

Pali cholakwika china chapafupi ndi chimenechi chimene, kunena zoona, ndi choopsa kuposa zonse zimene tatchulazi. Wophunzira walemba tsamba la malikisi, ndipo pamwamba waika lamulo lakuti amene sanalowe asamutsidwe:

header("Location: /lowani.php");
exit;

Akaiwala mzere wachiwiriwo, browser imaona 302 ndi Location n'kusamuka nthawi yomweyo, ndipo zonse zimaoneka zotetezeka. Koma pulogalamuyo sinaime. Yapitiriza mpaka kumapeto, n'kutumiza malikisi onse kunsi kwa ma header. Browser siwaonetsa, koma curl imawaonetsa kwa aliyense amene wapempha. A komiti, ngati pali funso limodzi loti mudzafunse wokonza tsamba lokhala ndi mayina ndi malikisi a ana, ndi limeneli: atsegule tsamba lotetezedwalo ndi curl asanalowe, inu mukuona, ndipo kunsi kwa ma header kukhale kopanda kanthu.

Za nthawi ndingonena mwachidule. Header ya Date nthawi zonse imakhala mu GMT, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2 chaka chonse. 05:30 ya m'chitsanzo chija ndi 7:30 m'mawa kuno. Fomu yotumizidwa 22:30 GMT Lachinayi yafika Lachisanu pa nthawi yathu, ndipo pa tsiku lotsekera kulandira mafomu kusiyana kumeneku kukhoza kumugwetsa munthu.

Zolembedwa pathumba amalemba ndi wotumiza

Ma header a pempho amalembedwa ndi wopempha, ndipo akhoza kulemba chimene akufuna. Yesani:

curl -v -H "User-Agent: Ilala" https://example.com

Seva ilandira kuti browser yanu dzina lake ndi Ilala, ndipo ilibe njira yotsutsira. Ngakhale ma browser enieni amanena zosaona: Chrome, Safari ndi Edge onse amayamba User-Agent yawo ndi mawu akuti Mozilla/5.0, chizolowezi chimene chinayamba zaka za m'ma 1990 pofuna kuti masamba asawasale. Choncho musamange chitetezo pa User-Agent kapena pa Referer. N'zothandiza pofufuza, koma si umboni.

Chimodzimodzi X-Forwarded-For, header imene oima pakati amalembamo adiresi ya IP ya wopempha weniweni. Opera Mini imapulumutsa bandulo podutsitsa masamba pa maseva a kampani ya Opera, kotero seva yanu imaona adiresi ya kunja, ya munthuyo n'kukhala mu header imeneyi. Ndi yothandiza, koma aliyense akhoza kuilemba ndi -H, ndiye muikhulupirire pokhapokha yaikidwa ndi woima pakati amene mukumudziwa. Kuganizira chinenero cha munthu poona adiresi ya IP nakonso n'kosadalirika. Chilumba chathu chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, Cobué tikumuona ndi maso, ndipo wachibale amene ali tsidya lija ndi simu khadi ya kumeneko amayankhula chinenero chomwechi. Tsamba lomupatsa Chipwitikizi chifukwa cha IP lalakwa. Likanayamba laona Accept-Language, n'kumupatsanso pomwe angasankhe yekha.

Mayankho nawonso amaulula zambiri. Header ya X-Powered-By imatchula mtundu wa PHP umene seva ikugwiritsa ntchito, zimene zimathandiza wofuna kuthyola kudziwa pofooka. Imazimitsidwa polemba expose_php = Off mu fayilo ya php.ini.

Ophunzira, zida zimenezi muziyesere pa seva yanu kapena pamene mwapatsidwa chilolezo. Kuwerenga ma header a tsamba lililonse limene mwatsegula si mlandu, pakuti anatumizidwa kwa inu. Koma kugwiritsa ntchito cookie ya munthu wina, kapena kupeka ma header kuti mulowe pamene simunaloledwe, ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ndipo sukulu kapena komiti imene ikusunga mayina ndi manambala a anthu ili ndi udindo wowateteza pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2024.

Cookie ya munthu amene walowa ndi kiyi weniweni: amene waitenga amalowa ngati mwini wake popanda kudziwa mawu achinsinsi. Mu 2010 Eric Butler anatulutsa kapulogalamu ka Firesheep kamene kankatola ma cookie a Facebook ndi Twitter pa WiFi ya pagulu, ndipo zimenezi zinafulumizitsa makampani akuluakulu kusamukira ku https, kumene ma header amayenda obisika. Koma https siteteza chimene mwapereka nokha ndi manja anu. Pa Network paja pali njira yosungira mapempho onse m'fayilo ya HAR, imene anthu amatumiza kwa owathandiza kufufuza vuto. Mu October 2023 kampani ya Okta ya ku America, imene ntchito yake ndi yoteteza malowedwe a makampani ena, inalengeza kuti akuba analowa mmene inkasungira mafayilo otere ochokera kwa makasitomala ake, n'kutengamo ziphaso zolowera.

Kuno sitituma mafayilo a HAR kawirikawiri. Timajambula sikirini n'kuponya pagulu la WhatsApp kuti anzathu atithandize. Kuopsa kwake n'komweko. Musanatumize chithunzi cha ma header, fufutani mizere itatu iyi: Cookie, Set-Cookie ndi Authorization. Yachitatuyi ikayamba ndi mawu akuti Basic, zilembo zotsatirazo zimaoneka ngati zobisika, koma ndi dzina ndi mawu achinsinsi zongolembedwa mu Base64, imene aliyense amaimasula m'kamphindi. Ngati chithunzi chapita kale musanafufute, tulukani pa tsambalo kuti chiphaso chakalecho chife, ndipo musinthe mawu achinsinsi tsiku lomwelo.